Mzukwa wa pa Golo la Kumtunda

Nkhani iyi ndikuinena ndekha chifukwa ena akuinena molakwika. Pa siteji ya Luchenza akabaza akuti ndinauluka. Sindinauluke. Zimene ndinachita n'zamanyazi kuposa kuuluka, ndipo ndi bwino muzimve kwa mwini wake.

Ndine mphunzitsi wa Physical Science pa sekondale ina yoyendera kufupi ndi Goliati. Ndayamba dala ndi zimenezi kuti manyazi anga muwaone kukula kwake. Ndimadya chifukwa chouza ana a anthu kuti chinthu chilichonse chili ndi chochititsa, ndipo chochititsacho chikhoza kuyezedwa.

Achimwene anga a Dayisoni anamwalira mu Epulo. Za matenda awo sindinena. Tinabadwa awiri m'mimba mwa mayi athu, ndipo tsopano ndatsala ine.

Iwo anali kapitawo pa esiteti ya tiyi imene tinakulirapo, koma panalibe wowatchula kuti akapitawo. Aliyense ankati a Tcheya, chifukwa kwa zaka zambiri anali tcheyamani wa timu ya mpira ya pa esitetipo. Ine mpira sindiutsatira. Ofusayidi ndinaimvetsa ndili ndi imvi kale, atachita kundijambulira pansi ndi kamtengo.

Anali ndi jasi lawo lodziwika, lalitali mpaka m'mawondo, lobiriwira, la kolala yachikasu, mitundu ya timu. Ankalivala pa gemu iliyonse, ngakhale mu Okutobala nkhuku zikuyasama ndi kutentha. Pa maliro masapota analiyala pamwamba pa bokosi n'kuimba mpaka kumanda. Bokosi lisanatsike, adzukulu analichotsa mwakachetechete n'kulipereka kwa alamu anga, akazi a malemu. Ine ndinali pafupi, ndinaona. Ndinkaganiza kuti aliyense anaona.

Tsiku logawa zovala za malemu, alamu anandiitanira kuseri kwa nyumba n'kundipatsa jumbo yakuda.

"Ili ndi lanu, alamu. Koma musalionetse. Masapota aja akangoliona alilanda, akalipachika ku bwalo mpaka liwole ndi mvula."

Ndinalibisa pansi pa zovala mu sutikesi.

Mpando wa achimwene unapita kwa a Makwinja, kalaliki wa ku ofesi ya esiteti. Si munthu woipa. Ndi munthu wokonda bata, ndipo munthu wokonda bata sayenera kuyandikira mpira. Atangolowa analetsa ng'oma pa bwalo, akuti abwana manijala amapuma Loweruka masana. Kenako anatsitsa masapota mu lole yopita ku magemu akoyenda, akuti inshuwaransi siikuwadziwa. Pomaliza anaika pagolo mphwawo, mwana wa mlongo wawo, mnyamata waulemu kwambiri moti mpira uliwonse ankaupatsa njira.

Timu inayamba kuluza. Inaluza kwathu, inaluza koyenda, inaluza ngakhale ndi timu ya aphunzitsi anzanga, anthu othamanga atagwira magalasi kuti asagwe.

Masapota ankatsogoleredwa ndi Mayi Esinati, ogulitsa mandasi pa geti la fakitale. Mayi amenewa akakuwa pa bwalo, othyola tiyi a tsidya la damu amaweramuka. Iwo ndi gulu lawo anasiya kupereka moni kwa a komiti. Pa gemu ankafulatira mpira n'kumangoyang'ana kashedi ka malata kamene komiti imakhalamo, kuyambira wezulo yoyamba mpaka yomaliza, osanena kanthu. A Makwinja ankaonera gemu akuyang'ana nsapato zawo.

Mu Juni chiperoni chinafika.

Tulo tinali titandithawa chichokere kumanda. Ndinkadzuka kukangoyamba kuyera, ndipo tsiku lina, chifukwa cha kuzizira, ndinatsegula sutikesi ija. Ndimanena kuti chifukwa cha kuzizira. Jasilo linali likadali ndi fungo lawo, fungo la masamba ofota a ku fakitale ndi sopo wochapira. Ndinalivala. M'thumba munali chipewa chawo chaubweya, ndinachivalanso, n'kutuluka.

Amene sanayendepo m'munda wa tiyi m'mamawa wa chiperoni sangamvetse. Chifunga chimagona pamwamba pa tiyi osagwedezeka. Mitengo ya bulugama imaoneka theka, kumtunda kwake kulibe. Tiyi amakufika m'chiuno, wonyowa, ndipo ukamayenda m'tinjira take sumva mapazi ako. Umangomva madontho, ndi kulira kwa fakitale kutali, ngati munthu wobuula m'nyumba yotseka.

Bwalo lili pakati pa mundawo. Golo la kumunsi layandikira msewu, la kumtunda lachita kugundana ndi tiyi. Achimwene ankakonda kuima pa la kumtunda. Ndinakaima pamenepo. Sindinachite kalikonse. Ndinangoima, kenako ndinabwerera, ndinabisa jasi, ndinamanga tayi, n'kupita kukaphunzitsa za magetsi.

M'mawa mwake ndinapitanso. Chinasanduka chizolowezi, ndipo sindinauze munthu. Bambo wamkulu wa tayi sanena kuti amapita kukaima pa golo.

Loweruka lina madzulo ndili kwa alamu, kunabwera Mayi Esinati. Anaodira motsitsa mawu, ndipo ndinadziwa kuti pali nkhani, chifukwa ndinali ndisanawamvepo akutsitsa mawu. Anakhala pa mkeka n'kuwomba m'manja mwaulemu.

"Pepani anamfedwa. Tinati tisakubisireni, eni ake ndinu. A Tcheya akuoneka."

Alamu anagwira pakamwa.

"Akuoneka bwanji, mayi?" ndinafunsa.

"Akuoneka kuoneka kumene, aphunzitsi! Ku bwalo, m'mamawa. Odulira tiyi awaona. Alonda a pa damu awaona, mpaka anataya tochi m'madzi. Amangoima pa golo la kumtunda, duu, osalankhula."

"Nkhope munaiona?"

"Nkhope muione bwanji? Angayandikire ndani? Miyendo alibe, amangoyandama pamwamba pa tiyi. Koma ndi iwowo, mmene tinawaperekezera muja, atavala..."

Apa alamu anayamba kulira, ndipo Mayi Esinati sanamalize.

Ine ndinakonza pakhosi. Ndinawafotokozera za kuwala, mmene kumapindikira kukamadutsa m'timadontho ta madzi. Ndinati chitsa cha bulugama m'chifunga chikhoza kuoneka ngati munthu. Ndinaponyamo mawu a Chingerezi awiri atatu. Anandimvera mpaka kumapeto.

"Zikomo aphunzitsi, taphunzira. Koma chitsa sichipukusa mutu chikaona neti yong'ambika. A Tcheya akwiya ndi komiti, basi. Sagona mpaka Makwinja achoke!"

Anatsanzika n'kupita. Inu mwina mwaona kale pamene pagona nkhani. Ine sindinaone. Zimene zinabwera m'mutu wanga wa sayansiwu ndi izi: ine ndimapita pa golo lomwelo pafupifupi m'mawa uliwonse. Zikutheka bwanji kuti achimwene aonekere odulira tiyi, aonekere alonda, koma mng'ono wawo weniweni ayi?

Inali nsanje. Ndipo pansi pa nsanjeyo panali chinthu china. Ndinkafuna kuwaona. Kamodzi kokha, ngakhale opanda miyendo.

Ndinaganiza kuti mwina timasemphana nthawi. Ndinayamba kulawirira kwambiri ndi kuchedwerako. Mbiri inamveka kuti a Tcheya tsopano akukhalitsa.

Ndinaganiza kuti mwina ndimawatsekera malo awo. Ndinasamukira ku golo la kumunsi. Madzulo ake wakabaza amene anandinyamula ku Luchenza, yemwe sankandidziwa, anatembenuka ali pa liwiro.

"Bigi, mwamva? Mzukwa wa ku esiteti uja wasintha golo!"

"Wasintha golo?"

"Eeh! Akuti ndi second half!"

Sindinaseke. Ndinangodandaula kuti tinali pa golo limodzi, ine osawaona.

Tsiku lina, podikira, manja anasowa chochita. Ndinapeza kachingwe m'thumba la jasi n'kusoka neti pamene inang'ambika. Masana nkhani inali paliponse: a Tcheya asoka neti ndi manja awo, ntchito imene komiti yamoyo yaikanika. Ndinakhumudwa. Ndinati mumtima, anthu awa akokomeza, neti ndasoka ndine koma ulemu akupereka kwa malemu. Kenako ndinalowa mu Fomu 3 kukaphunzitsa za kuganiza mwadongosolo.

Ku timu zinthu zinafika povuta. Osewera anakana training ya m'mawa. Mphwawo wa a Makwinja anakana kuima pakati pa mitengo ya golo la kumtunda. Gemu ina anaima chapatali theka lonse, ndipo tinachinyidwa zigoli zochepa kuposa masiku onse. Komiti inachita miting'i n'kulengeza kuti mzukwa kulibe, ndipo kuti aliyense amene auone adzaletsedwa kuonera magemu. Masapota anayankha ndi nyimbo yatsopano, yoimba motsitsa ngati ya pamaliro, akuyang'ana kashedi kaja. A Makwinja anayamba kuonda. Kolala ya malaya awo inayamba kuwazungulira.

Ine ndinali ndi zanga. Ndinakumbuka kuti achimwene sankakana tiyi, wopanda mkaka, wa shuga woti supuni iime. M'mawa wina ndinanyamula fulasiki ndi makapu awiri. Ndinalowa m'kashedi ka komiti. Muli benchi, ndi mpando umodzi wa manja, wa tcheyamani. Ndinathira tiyi n'kuika kapu pa mpandowo.

"Achimwene, ndine Fanuwelo. Tiyi uyu."

Kunali zii. Nthunzi ya tiyi inkakwera n'kusakanikirana ndi chifunga.

Ndinati ndiwapatse mpata. Ndinalowa m'munda, ndinayenda mpaka ku mitengo ya bulugama, n'kubwerera pang'onopang'ono.

Kapu panalibe.

Pa mpando panangotsala kamzere kozungulira konyowa. Ndinayang'ana pansi, ndinayang'ana kuseri. Panalibe munthu, panalibe galu. Ndinakhala pa benchi, ndipo ndinalira koyamba chichokere kumanda.

Madzulo ndinamva kuti m'mawa womwewo a Tcheya anamveka akulira m'kashedi ka komiti. Mtima unandipweteka. Ndinati, ndiye kuti tinalira limodzi.

Zimene sindinkadziwa n'zakuti Mayi Esinati, podutsa ndi beseni la mandasi, anaona nthunzi pa mpando wa tcheyamani. Mayi amene aja mantha awo ndi osiyana ndi a anthu ena. Anatenga kapuyo, anayenda nayo mpaka ku ofesi ya esiteti, n'kuiika pa tebulo la a Makwinja.

"Tiyi wanu uyu, akusiyirani a Tcheya pa mpando wawo. Akadali wofunda."

A Makwinja akuti anakankha mpando mpaka kukhoma.

"Mupite nokha mukawapepese," anatero Mayi Esinati. "Mawa m'mamawa, pa golo. Mukapanda kutero, tikaimba ng'oma pakhonde la abwana manijala mpaka atuluke ndi pijama!"

Banja la malemu silinauzidwe, kuopa kutiwonjezera chisoni.

M'mawa umenewo chifunga chinali choposa masiku onse. Ukatambasula dzanja, zala zinkaoneka ngati za munthu wina. Ndinabwerera pa golo la kumtunda, ndinaima pambali pa mtengo wake, msana ku tiyi, maso ku bwalo. Ngakhale fakitale siinkamveka.

Kenako ndinamva mapazi pa udzu wonyowa. Ankayenda, n'kuima, n'kuyendanso.

M'chifungamo munatuluka chinthu chakuda, chachifupi, chopanda miyendo. Chinkabwera molunjika kwa ine, pang'onopang'ono, chikugwedezeka uku ndi uku. Mtima unagunda mpaka m'makutu. Ndinati, afika.

Chitayandikira ndinaona kuti chavala suti ndi tayi. Anali a Makwinja, akuyenda ndi mawondo.

Anaima pamalo pomenyera penate. Anawomba m'manja katatu, mwaulemu wa kumanda. Maso awo anali otong'oka, ndipo sanali pa nkhope yanga. Anali pamwamba pang'ono pa phewa langa.

"A Tcheya," anatero. "Ndabwera, bambo."

Ndinamvetsa nthawi yomweyo. Akuwaona! Ali kumbuyo kwanga!

Sindinatembenuke. Ndinaopa kuti ndikatembenuka azimiririka. Ndinangoima duu, manja m'matumba a jasi, ndikupuma pang'onopang'ono kuti ndisawathawitse. Dontho lozizira linandigwera pakhosi, kuseri. Lero ndikudziwa kuti linachokera pa mtengo wa golo. Tsiku limenelo chinali chala.

"Ndalakwa, a Tcheya," a Makwinja anapitiriza. "Za ng'oma zija, abwana manijala sanadandaule. Ndine amene mutu umandipweteka. Za lole, inshuwaransi ilibe vuto, ndimangoopa nyimbo zawo zija, amanditchula dzina. Mnyamata wa pagolo uja, ndikudziwa, sagwira. Koma mlongo wanga, bambo, inunso mumamudziwa mlongo wanga!"

Apa Chichewa chinawathera. Anapitiriza m'Chilomwe, chimene anasiya kulankhula tsiku limene analowa mu ofesi.

Kumbuyo kwanga tiyi anachita phokoso. Ndinamva masamba akugwedezeka popanda mphepo. Kenako ndinamva kupuma. Kupuma kwa munthu, pafupi kwambiri.

"Ngati mukufuna nditule pansi udindo," a Makwinja anabwerera ku Chichewa, "ingoweramitsani mutu. Nditula lero lomwe."

Ine misozi inali itadzaza m'maso, ndipo ndinaweramitsa mutu kuti ndiipukute ndi kolala.

"Avomera!" ananong'ona mawu ena m'tiyi.

Sindinathenso kupirira. Ndinatsegula pakamwa. Anthu akhala akunena kuyambira kale kuti ine ndi achimwene mawu athu ndi amodzi, moti pa foni mayi athu ankatisokoneza.

"Achimwene," ndinatero. "Ndinu?"

"Mayooo!" A Makwinja anagwa chafufumimba.

Ndinatembenuka.

Achimwene panalibe. Koma pamwamba pa tiyi, m'chifunga, panayamba kutuluka mitu. Umodzi, wina, winanso, yambirimbiri. Nkhope zotuwa, maso oyera, matupi othera m'chiuno. Onse opanda miyendo, onse akundiyang'ana ine.

Ndinali nditapempha mzukwa umodzi. Awa anali manda onse.

Ndinakuwa. Sindinadziwe kuti ndili ndi mawu otero. Mitu ija nayo inakuwa, ndipo munda wonse unabalalika, wina uku wina uko, matchire a tiyi akuthyoka, vuvuzela ikulira yokha pansi pa munthu amene anaigwera. Anali masapota, amene anabisala kuti aone ndi maso awo tcheyamani akupepesa.

Ndinathawira ku bwalo, jasi lili petupetu. Ndinayesa kudumpha a Makwinja, koma iwo, poona kuti malemu akubwera kudzawatenga, anatseka maso n'kundigwira miyendo yonse iwiri.

"Ndikhululukireni! Ana anga ndi aang'ono!"

Tinagwera limodzi m'matope. Anagwiritsabe. Kenako kulira kwawo kunachepa. Ndinamva dzanja likupapasa bondo langa, likutsika, likufinya katumba, likufika pa nsapato.

"Ali ndi miyendo," anatero motsitsa. Kenako mokweza: "Ali ndi miyendo! Avala masokosi!"

Munthu mmodzi yekha sanathawe. Mayi Esinati anatuluka m'tiyi atamanga chitenje m'chiuno, anabwera, anawerama, n'kundivula chipewa.

"Aphunzitsi?!"

"Mwadzuka bwanji, mayi," ndinatero.

"Jasi ili mwalitenga kuti? Tinalikwirira ndi a Tcheya! Mwafukula manda?"

"Ayi, mayi. Adzukulu analichotsa bokosi lisanatsike."

"Ife osaona?"

"Munali kumbuyo, mukuimba."

Masapota anayamba kubwerera mmodzimmodzi, ena akutsimphina, wina atanyamula nsapato imodzi. Anatizungulira. A Makwinja anadzuka, anakonza tayi, ndipo ndinaona ukalaliki ukubwerera pa nkhope yawo.

"Zonse zimene ndanena pano," anatero, "ndimauza malemu. Malemu sanabwere. Ndiye sindinanene kanthu."

"Tamva tonse!" anakuwa Mayi Esinati. "Mwatula pansi udindo, ndipo avomera ndi mutu!"

"Wavomera ndi mphunzitsi wa Physical Science! Ameneyu si membala n'komwe!"

"Nanga za abwana manijala zija? Mutu umene umapweteka ndi wa ndani?"

"Chabwino, ng'oma zibwerere. Ng'oma zokha!"

"Ndi lole!"

"Lole tikambirana ku miting'i."

"Ndi mphwanu uja apite akaimbe kwaya!"

Anakangana pamwamba panga, ine ndili chikhalire m'matope. Panalibe amene ankandiyang'ana. Ndinadikira mpata, ndinakweza dzanja ngati mwana wa Fomu 1.

"Pepani. Ndifunse nawo. Kapu ija?"

"Ndinatenga ndine," anatero Mayi Esinati. "Ili ku ofesi. Palibe wofuna kuikhudza."

"Nanga amene ankalira m'kashedi?"

Anangondiyang'ana, ndipo ndinamvetsa.

"Ndiye kuti sanabwerepo," ndinatero. "Ngakhale kamodzi."

Chifunga chinali chitayamba kung'ambika, mizere ya tiyi ikuoneka mpaka ku damu. Bambo wina wa masapota anavula kapusi. Mayi Esinati anandipatsa chipewa chija ndi manja awiri.

Koma usayansi suchoka msanga. Ndinafunabe kuyeza.

"Palibe tsiku limene munawaona ine ndisanabwere? Lamulungu sindibwera, ndimalawirira ku tchalitchi."

Anayang'anana.

"Lamulungu lapitali anaoneka," anatero bambo wa kapusi uja pang'onopang'ono. "Ndinawaona ndi maso angawa. Ankazungulira golo atawerama, atafunda mpaka kumutu, akumwaza zinthu zoyera."

"Inenso ndinawaona," anatero wina.

Tsitsi linandiima. Ndinadzuka m'matope osadziwa kuti ndadzuka bwanji. Aliyense anatembenukira ku golo la kumtunda, kumene chifunga chinali chisanachoke. Neti inkagwedezeka pang'ono. Mtima wanga unayambanso kugunda ngati poyamba paja, ndipo ndinati, mwina. Mwina ndithu.

Pamenepo a Makwinja anatsokomola.

"Lamulungu lija," anatero akuyang'ana pansi, "ndinali ine. Ndinafunda bulangete. Ndimathira mchere."

Mayi Esinati anayang'ana iwo, anayang'ana ine, n'kuika manja pamutu.

"Mayo ine! Timu imodzi mizukwa iwiri, wina wa ku ofesi, wina wa ku sukulu, koma goloboyi tilibe!"

Munthu ukamapita kukasaka mzukwa, uziyamba wadziyang'ana pa galasi.